Mmene mungatetezere boti lamatabwa ku moto

Aliyense amene anakulira m'mbali mwa nyanja kuno ku Nkhotakota amadziwa kuopa madzi. Mwana amauzidwa adakali wamng'ono kuti mwera ukayamba kuwomba asatalikire gombe, ndipo pa tchalitchi cha All Saints pali manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja yomweyi mu 1895. Moto ndiwo sitiuopa mokwanira. Ambiri timaganiza kuti chinthu chokhala pamadzi sichingapse, chonsecho boti lamatabwa limene layenda zaka zingapo, lamwa mafuta a injini, lapakidwa penti pamwamba pa penti ndi kumatidwa phula, limagwira moto msanga kuposa nkhuni za pamoto.

Kumayiko amene ali ndi madoko akuluakulu kunali sitima zing'onozing'ono koma zamphamvu, zimene ntchito yake inali kukoka sitima zinzake ndi mitengo yoyandama pamadzi. Zambiri zinali zamatabwa ndipo zinkayendera nthunzi, kutanthauza kuti pakati penipeni pa matabwawo panali ng'anjo yoyaka tsiku lonse yowiritsira madzi, ndi chumuni yolavula timoto tothetheka. Lero zatsala zowerengeka. Ku Vancouver, m'dziko la Canada, amasunga ina yotchedwa SS Master, yopangidwa mu 1922, ndipo amaisamala ngati dzira chifukwa zinzake zinatha: zina zinawola, zina zinaphwasulidwa, zina zinapsa. Sitima yoteroyo ikapsa palibe pogwira, pakuti amisiri amene ankadziwa kuipanga anapita kalekale.

Sitima zathu zakale za nthunzi zinali ndi mwayi wina. Sitima ya Chauncy Maples, yotchedwa dzina la bishopu uja, imene inapangidwa ku Glasgow mu 1899, n'kudzalumikizidwa kwa Mponda ndi kuyamba kuyenda mu 1901, inkawotcha nkhuni koma thupi lake linali lachitsulo. Kuno kwathu matabwa ndi moto zimakumana m'maboti a asodzi ndi onyamula anthu, kuyambira ku Senga Bay ndi ku Chipoka m'boma la Salima mpaka ku Chia ndi madoko a kumpoto kwa boma lino. Malangizo otsatirawa ndi a mwini boti, woyendetsa, mmisiri wokonza, ndiponso banja limene likusunga boti lakale la agogo awo.

Yambani ndi petulo

Chimene chimayaka si petulo amene mukumuona m'chigubu, koma mpweya umene amatulutsa. Petulo amatulutsa mpweya wotha kuyaka ngakhale kutazizira madigiri 40 pansi pa ziro, pamene palafini amafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 38, ndipo dizilo amafuna kupitirira 50. Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, motero suuluka ngati utsi. Umatsika n'kukakhala pansi pa boti, m'mipata ya pakati pa nthiti ndi kunsi kwa matabwa opondapo, malo amene mphepo sifika. Boti ndi lofanana ndi beseni: chimene chatsikiramo sichituluka chokha. N'chifukwa chake munthu angathe kuthira mafuta m'mawa, n'kutayikira pang'ono, kenaka masana mnzake n'kuyatsa fodya kutsogolo kwa boti, moto n'kubukira kumbuyo.

Choncho thanki ya injini muziitulutsa m'boti ndi kukaithirira mafuta pamchenga, injini itazimitsidwa, ndipo kusakaniza petulo ndi oilo kuzichitikiranso komweko. Gwiritsani ntchito fanelo, osati botolo lodulidwa limene limapendekeka. Musadzaze thanki kapena chigubu mpaka pakamwa, chifukwa petulo amafufuma akatenthedwa, ndipo dzuwa la mu Okutobala kuno kunyanja likachiwomba chigubu chodzaza, mafuta amatulukira pachitsekero. Mukatha kuthira pukutani thankiyo, ndipo nsanza imene mwapukutira isalowe m'boti.

Zigubu zachikasu za malita 20 zimene zinabwera ndi mafuta ophikira ndizo ambiri timagwiritsa ntchito, ndipo ndikudziwa kuti kuuza msodzi kuti azitaye n'kungotaya mawu. Koma zigubuzi sizinapangidwire petulo: zimauma ndi dzuwa, zimang'ambika m'makona, ndipo zitsekero zake zimatha msanga, anthu n'kumatsekera ndi jumbo. Ngati mulibe chigubu chenicheni cha mafuta, sankhani chatsopano chokhala ndi chitsekero chake, muchimangirire kuti chisagubuduke ndi mafunde, muchiike pamthunzi patali ndi batire ndi nyali, ndipo chikayamba kuyera ndi kuuma muchisiye. Nthawi imene mafuta akusowa m'dziko, anthu amasunga zigubu zambiri m'nyumba zogonamo kapena m'boti momwemo. Malo abwino ndi kachisakasa kapadera kopita mphepo, kotalikirana ndi khitchini ndi ng'anjo zowambira nsomba.

Paipi yochokera kuthanki kupita ku injini, pamodzi ndi kampira kofinya kopopera mafuta, muziiyang'ana sabata iliyonse. Ipindeni pang'ono ndi zala, ndipo mukaona timing'alu, igulidwe ina. Kuikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga kumangobisa podontha. Musanalize injini, weramani ndi kununkhiza pansi pa boti. Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma tsoka la petulo lokha limanunkha, ndipo mphuno ndicho chida chimene msodzi aliyense ali nacho kale. Fungo likamveka, chotsani matabwa opondapo, kapani madzi onse, tsukani ndi sopo, ndipo dikirani kuti mphepo ipitemo.

Nyali, batire ndi mbaula

Ogwira usipa ndi chilimira usiku amadalira kuwala. Amene akugwiritsabe ntchito nyali za palafini zopopa aziziyatsira pamtunda kapena m'bwato la siginala, lija lonyamula nyali zokopera usipa, kutali ndi boti limene muli petulo, ndipo nyali yotentha isathiridwe palafini kufikira itazizira. Pali chizolowezi china choopsa chothira petulo pang'ono m'palafini kuti nyali iwale kwambiri kapena kuti mafuta achuluke. Nyali yotere imaphulika ili m'manja mwa munthu.

Ambiri tsopano asamukira ku mababu oyendera batire, ndipo ena amatchaja ndi sola. Kusinthaku kwachepetsa ngozi ina n'kubweretsa ina. Batire la galimoto lili ndi mphamvu yokwanira kufiiritsa waya m'kanthawi kochepa ngati mawaya awiri agundana, ndipo mawaya ambiri amene ndimawaona m'maboti ndi opotedwa ndi manja n'kukulungidwa ndi pulasitiki. Ikani fyuzi pa waya wofiira pafupi kwambiri ndi batire, kuti waya akagundana fyuziyo ipse m'malo mwa boti. Batire likhale m'bokosi lomangiriridwa, mitu yake itavundikiridwa, chifukwa sipanala kapena mpeni ukagwera pamitu iwiriyo umathetheka. Musaliike pambali pa thanki ya mafuta. Potchaja, batire limatulutsa mpweya wotha kuphulika, choncho litchajidwe poyera, ndipo mukafika pamtunda muzichotsa waya umodzi musanapite kukagona.

Za mbaula ndinena mwachidule. Ngati ulendo ndi wautali ndipo kuphika m'boti n'kosapeweka, mbaula ikhale m'beseni lachitsulo lothiramo mchenga, kutsogolo kwa boti, ndipo makala azimitsidwe ndi madzi pomwepo nsima ikapsa. Fodya asasutidwe m'boti lokhala ndi petulo, ngakhale wosutayo akhale mwini boti.

Boti likakhala pamtunda

Anthu amaganiza kuti ngozi yaikulu ili pakati pa nyanja, koma boti limakhala pachiswe kwambiri likakokeredwa pamtunda kuti likonzedwe, matabwa ake atauma, amisiri atabalalitsa zida, usiku popanda woliyang'ana. Zimene zinachitikira Cutty Sark zikusonyeza zimenezi. Sitima yamatanga imeneyi inapangidwa mu 1869, inayenda nyanja zikuluzikulu zaka zambiri osamira, koma inapsa pa 21 Meyi 2007 ili pamtunda ku Greenwich, mumzinda wa London, pamene inkakonzedwa. Ofufuza anapeza kuti moto uyenera kuti unachokera ku makina opopera fumbi amene anasiyidwa osazimitsa ogwira ntchito ataweruka. Inapulumuka chifukwa chakuti matabwa ake ambiri ndi zipangizo zina anali atazichotsa kale n'kukazisunga kwina, ndipo inatsegulidwanso mu 2012, pambuyo pa ntchito yodya ndalama zochuluka zimene mwini boti wa ku Chia sangazilote.

Pokonza boti, phula lisungunulidwe patali, mbali imene mphepo ikupita, ndipo libwere kuboti m'chitini litaphulidwa kale. Phula likagwira moto mumphika musathiremo madzi, pakuti limathovoka n'kumwazikira anthu; vundikirani ndi chitsulo. Ngati pakufunika kuwotcherera chitsulo chogwira injini, chimasuleni ndi kupita nacho kwa wowotcherera. Zikakanika, chotsani thanki, zigubu, batire ndi maukonde, nyowetsani matabwa ozungulira, ndipo munthu mmodzi aime pambali ndi ndowa yamadzi osagwira ntchito ina iliyonse. Ntchito ikatha, wina atsale pamalopo kwa ola lathunthu akufufuza ndi dzanja pamene pakutentha, chifukwa kamoto kolowa mumng'alu wa thabwa kapena m'thonje lomatira kamanyeka mwakachetechete n'kudzabuka anthu atagona.

Nsanza zonyowa ndi penti, vanishi kapena mafuta opaka matabwa zisaunjikidwe pamodzi. Ena mwa mafuta amenewa amatentha okha akamauma, ndipo mulu wa nsanza ungayake popanda woyatsa. Ziyanikeni imodziimodzi pamchenga kapena ziviikeni m'chitini chamadzi. Zopala za matabwa ndi utuchi zisesedwe madzulo aliwonse.

Yang'ananinso zimene zazungulira boti. Pamadoko athu ambiri mathandala oyanikira usipa, zisakasa zaudzu, ng'anjo zowambira nsomba ndi milu ya maukonde zimakhala mothithikana, ndipo ukonde wa nayiloni ukagwira moto umasungunuka n'kumadontha moto pathabwa. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa, anthu amatentha tchire posaka mbewa kapena pokonza minda, ndipo mphepo ya nyengoyo imathamangitsa moto m'bango mpaka pagombe. Moto umapita kumene kwatsala tchire, choncho lambulani udzu ndi bango mozungulira boti kwa mamita khumi, ndipo maboti asagundane ngati mbale m'dengu; pakhale mpata woti anthu angathe kukankha limodzi osakhudza linzake. Zimenezi munthu mmodzi sangazikwanitse, ndipo ndi nkhani yoyenera kuitengera ku komiti ya pagombe, imene ingagwirizane ndi a mfumu za malo othirira mafuta, malo owambira nsomba, ndi munthu wolondera usiku. Mlondayo akhale woyendayenda, ndipo akhale ndi wenzulo kapena chitsulo choimba.

Zida zozimitsira

Madoko ambiri ali kutali ndi galimoto yozimitsa moto, ndipo boti lamatabwa silidikira. Zida zikhale m'boti momwemo: ndowa ziwiri zomangidwa chingwe, ndowa ina yodzaza mchenga wouma, chiguduli kapena bulangeti lokhuthala, ndi chozimitsira moto cha ufa. Thumba la pulasitiki la feteleza silingalowe m'malo mwa chiguduli, chifukwa limasungunuka. Chozimitsira chikhale cha makilogalamu awiri kapena kuposerapo, pakuti chaching'ono chimatha m'masekondi owerengeka, ndipo chipachikidwe pakati pa boti, pamene munthu angachifikire popanda kudutsa pa injini. Mwezi uliwonse onani ngati kasingano kake kali pobiriwira, ndipo chitembenuzeni n'kuchigwedeza kuti ufa usaumbike ndi chinyezi komanso kunjenjemera kwa injini.

Kukhala ndi zida zosayesedwa n'chimodzimodzi kukhala opanda. Pa 15 Juni 1904 sitima yamatabwa yoyendera nthunzi yotchedwa General Slocum inagwira moto mumtsinje wa East River ku New York, itanyamula anthu a mpingo wina opita kukasangalala, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Mapaipi ozimitsira moto anali ofumbwa ndipo anaphulika atangotsegulira madzi, majekete oyandamitsa anali owola, ogwira ntchito anali asanaphunzitsidwe chochita, ndipo woyendetsa anapitiriza kuthamangitsa sitima moyang'anana ndi mphepo, zimene zinakolezera moto. Anthu oposa 1,000 anafa, gombe likuoneka. Nkhaniyi ndi ya kutali komanso yakale, koma funsani anyamata a m'boti lanu lero kuti ndani amadziwa kuchotsa kapini ka chozimitsira, mudzaona okha akuyang'anana.

Moto ukabuka

Fuulani kuti aliyense adziwe, zimitsani injini, ndipo chotsani paipi ya mafuta ngati dzanja lingafikepo. Anthu avale majekete oyandamitsa nthawi yomweyo, osadikira kuti aone ngati moto ukule. Ndi nkhafi tembenuzani boti kuti mphepo izikankhira malawi ndi utsi kunja, osati kumene kuli anthu ndi zigubu: moto ukakhala kumbuyo, mutu wa boti uloze kumene mphepo ikuchokera. Anthu asathamangire mbali imodzi, chifukwa boti likhoza kugubuduka moto usanavulaze aliyense.

Pa moto wa petulo, palafini kapena dizilo musathire madzi. Mafuta amayandama, ndipo madzi amangowanyamula akuyaka n'kuwafalitsa m'boti monse. Lozetsani chozimitsira patsinde pa moto, osati pamalawi, mphepo ili kumsana kwanu, ndipo sesani uku ndi uku. Ngati mulibe, thirani mchenga kapena vundikirani ndi chiguduli chonyowa, ndipo musafulumire kuvundukula. Ngati moto wachokera ku mawaya, yambani mwachotsa waya pabatire. Madzi ndi a matabwa, zovala ndi maukonde, mafuta atazima kale, ndipo pamene ena akuthira wina azikapa, poti madzi ozimitsira moto nawonso amamiza boti.

Moto ukafika pazigubu, lekani kulimbana nawo. Tsikirani m'madzi mbali imene mphepo ikuchokera, kuti boti loyaka ndi mafuta oyandama zizikutalikirani, ndipo khalani pamodzi kuti okupulumutsani asavutike kukupezani. Ngati zachitikira pagombe ndipo boti lagwiriratu, mphamvu zanu zipite pokankha maboti oyandikana nalo ndi kuchotsa mafuta ndi maukonde.

Munthu amene zovala zake zikuyaka agwetsedwe pansi ndi kukulungidwa ndi bulangeti, kapena alowe m'madzi. Pamene wapsa pathiridwe madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, mphete ndi wotchi zivulidwe pasanatupe, ndipo nsalu imene yamatirira pakhungu isakokedwe. Musapakepo mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira kapena dothi, ndipo matuza asaboolewe. Phimbani ndi nsalu yoyera n'kupita naye kuchipatala, makamaka ngati wapsa kumaso, m'manja, kapena ngati wapuma utsi wambiri.

Boti limene lazimitsidwa lisabwerere panyanja mawa lake. Palani makala mpaka mufike pathabwa lamoyo, bayani ndi mpeni kuti muone kuzama kwake, ndipo mmisiri aone misomali ndi zomatira, chifukwa kutentha kumazimasula ngakhale pamene sipanade.

Boti lakale losungidwa

M'zaka za m'ma 1800 a Jumbe, mafumu achiswahili ochita malonda, ankakhoma ngalawa zamatanga kuno ku Nkhotakota, zimene zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kutsidya. Mbiri yake ndi yowawa, komabe ndi mbiri yathu, ndipo lero ngalawa zimenezo timangozimva m'nkhani ndi kuziona pazithunzi. Maboti amene tikuwaona wamba lero adzasowanso chimodzimodzi, makamaka poti mitengo ya mlombwa ndi mbawa yotulutsa matabwa aakulu ikunka nichepa. Banja limene lili ndi boti lokhomedwa ndi mmisiri wakale lili ndi chinthu chofunika kuposa mtengo wa nkhuni zake.

Boti lotere lisasanduke mosungiramo zigubu, maukonde akutha kapena mapesi, ndipo lisakhale pobisalira ana oseweretsa machesi. Likhazikeni pamiyala kapena pamitengo kuti lisagunde dothi, pansi pa denga lamalata osati laudzu, ndipo chotsanimo mafuta onse, batire ndi mawaya. Zinthu zochotseka monga nangula, nkhafi, chiwongolero, nyali ndi mapepala ake zikasungidwe m'nyumba ina, kuti zonse zisathere pamodzi.

Kenaka lembani mmene botilo lilili. Lijambuleni ndi foni mbali zonse, kunja ndi m'kati, munthu ataima pambali kuti kukula kwake kudziwike. Yezani kutalika, kutambalala ndi kuya kwake pa nthiti iliyonse, ndipo dindani kupindika kwa nthitizo pakatoni kapena papulayiwudi, chifukwa luso la mmisiri lili m'kupindikako ndipo chithunzi sichikusonyeza bwino. Khalani pansi ndi agogo kapena mmisiri amene adakali moyo, muwafunse mwaulemu kuti mtengo anaudula kuti, analikhoma chaka chiti, linkapita madoko ati, ndipo mawu awo muwajambule. Ngati mukuona kuti botilo lili ndi mbiri yokhudza dera lonse, dziwitsani a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, amene amayang'aniranso nyumba yosungira mbiri ya nyanja ku Mangochi. Zithunzi ndi mawuwo muzitumize kwa abale awiri kapena atatu okhala kwina, ndipo makatoni odindawo muwalembe manambala kuyambira kumutu kwa boti mpaka kumbuyo, n'kuwamanga pamodzi pamalo ouma pamene chiswe sichifika.